Belu la Njinga ya Mzime

Mumzere wa nyumba uja aliyense amamutchula kuti Mzime, ngakhale kuti imvi zayamba kale kumera m'mutu mwake. Ndi telala. Makina ake amakhala pakhonde, pansi pa zenera la chipinda cha bambo ake, ndipo sanasunthepo chigwereni mkuluyo kubafa n'kufa ziwalo za kumanja. Alongo ake awiri ali kutali ndi mabanja awo. Foni amaimba ndithu, mawu awo okoma ngati uchi: "Mlongo, Mulungu akudalitse, ukutigwirira ntchito yaikulu." Koma madalitso a pafoni satembenuza wodwala. Wotembenuza, wosambitsa, wodyetsa ndi wochapa zofunda ndi Mzime yekha.

Mwamuna womufunsira anabwerapo wina, wa ndevu zometa bwino. Atangomva fungo la m'chipinda muja anati akukagula fodya, mpaka lero akugulabe.

Za njinga zinayamba ngati zocheza. Mkulu wina wogulitsa zitsulo zakale anabweretsa buluku kuti Mzime aliike chigamba, ndipo pothokoza anamusiyira felemu ya njinga, yadzimbiri, yopanda tayala ngakhale limodzi. Anthu anaseka, amvekere akazi a masiku ano ayamba kutola zinyalala. Koma Mzime anaipala ndi sandipepa, naipaka penti wobiriwira, mtima wake n'kuyamba kuona msewu wotsika kuseri kwa sukulu umene ankathamangamo pa njinga ya bambo ake ali mtsikana. Sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna masana amodzi oti mphepo imuwombe kumaso popanda womuitana.

Zitsulo zinkabwera chimodzichimodzi: lero mahandulo, mwezi wamawa chishalo chong'ambika chomwe anachisoka yekha, kenako masipoko m'thumba la shuga. Ankamangira m'chipinda cha bambo ake momwemo, poti kunja sakanatha kukhalitsa. Tizitsulo ting'onoting'ono ankatiika m'mbale pa mpando wa pafupi ndi bedi. Bambo akewo, amene kale ankaperekera makalata pa njinga, ankayang'ana ndi diso lake lakuthwa lija n'kumalangiza ndi lilime lolemera.

"Wamangitsa kwambiri mbali imodzi. Tayala lipindika limenelo."

"Ndamva, ababa."

"Sunamve. Masula."

Chinthu choyamba kutha bwinobwino chinali belu. Mzime analitsuka, nalithira mafuta a makina, mpaka linayamba kulira ngati latsopano. Ndiye poti mawu a bambo ake sankafika pakhonde makina akamalira, analimangirira ku chitsulo cha bedi, mbali ya dzanja lamoyo. Apo ndiye anadzipalira makala pamoto. Madzi, ngiri ngiri. Ntchentche, ngiri ngiri. Nthawi zina akathamangira m'chipindamo ankapeza mkuluyo ali phee, n'kungoti, "Ndimafuna ndione ngati ulipo."

Njinga itatsala pang'ono kutha, zinthu zinayamba kusowa. Nati ya tayala lakutsogolo inasowa. Atapeza ina, kunasowa kachitsulo kolumikizira tcheni. Kenako timipira ta chitsulo ta m'kati mwa tayala tinaperewera. Mzime anasesa pansi pa bedi, anakutumula nsanza zonse, anatukwana makoswe, mpaka anayamba kudzikayikira mutu. Mkulu wa zitsulo uja ankachita kumuseka. "Amayi, kodi mukumanga njinga kapena mukudya manatiwa?"

Zinaululika tsiku lina m'mawa akusintha zofunda. Atakweza matiresi, sokosi yakale inagwa pansi, gwa! Munali zonse zija, manati, timipira, ndi kachitsulo ka tcheni, zomangidwa mfundo yosalimba ya munthu wa dzanja limodzi.

Mzime anakhala pansi pa simenti, sokosi ili m'manja. Mkwiyo unamugwira koma mawu anatuluka aang'ono.

"Ababa, ndakulakwirani chiyani ine?"

Mkuluyo anayang'ana kukhoma. Kenako msozi unatsika mbali yakufa ija, kumene sakanatha kuupukuta.

"Alongo ako ndinawaphunzitsa kupalasa ndine," anatero. "Ali kuti?"

Mzime anawapukuta nkhope ndi kansalu, anawavundikira bulangete, natenga sipanala. Anamanga njingayo tsiku lomwelo, pamaso pawo, ndipo mkuluyo sanalangize kanthu. Pomaliza panatsala malo amodzi opanda kanthu pa handulo. Onse awiri anayang'ana belu lija pa bedi, koma palibe analitchula.

Loweruka masana anapempha mayi woyandikana naye nyumba kuti azisuzumirako. Anatulutsa njinga, naikwera movutikira, mawondo akulira. Ana a mumzeremo anaombera m'manja. Anadutsa pa mpopi, anadutsa pa golosale, tayala likuyenda mowongoka bwino, poti bambo ake pa masipoko sananame. Mphepo inamuwomba kumaso monga ankafunira muja, ndipo anaseka yekha ngati wamisala.

Pa ngodya ya sukulu, pomwe msewu umayamba kutsika, anagwira mabuleki. Anazindikira kuti njira yonseyi khutu lake linali kumbuyo, likudikira belu. Pamenepo belulo silikanamveka ngakhale akanaliliza ndi manja awiri, ndipo chete ameneyo ndiye anamuopsa kuposa kulira kwake. Anayang'ana msewu wotsika uja, wopanda galimoto, wokongola ngati kale. Kenako anatembenuza njinga.

Anapeza mayi uja ataima pakhomo.

"Mwabwera kale? Sanalize n'kamodzi komwe. Dzanja aliika pansi pa bulangete, ati musawamve."

Mpaka lero Mzime amapalasa Loweruka lililonse. Amazungulira mpopi, n'kufika pa golosale, n'kubwerera, malire ake ndi pomwe belu limamvekera. Njingayo ilibe belu, ndiye ana akatsekereza njira amachita kuwakuwira pakamwa. Anthu amamufunsa chifukwa chake sagula lina, poti pamsika ndi mbwee. Iye amangoti limodzi lomwelo likumukwana.