Luzi la pa Waya Wapakati

Ndinabwerako ku Halale nkhondo itangotha, ndili ndi jekete, sikuludiraiva ndi matama osayamba. Kumeneko ndinkangonyamulira makwerero mmisiri wa magetsi, koma kwathu ku Mkhumba mmisiriyo ndinali ine. Akananditsutsa ndani? Dera lonse magetsi anali m'nyumba imodzi yokha, ya mzungu wa esiteti yomwe tinkakhalapo pa thangata, ndipo ankachokera mu injini yomwe ankailiza dzuwa likamalowa.

Amalume ndiwo ankaperekera zakudya m'nyumbamo. Anathawa mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja la Apwitikizi, ali mnyamata, ndipo munda umene unkadyetsa amayi ndi alongo anga tinkaulima chifukwa cha ntchito yawoyo. Bwana akanati awachotse, tonse tikanasenza mphasa.

Chaka china bwana anaitana omanga kuti amatenso makoma, ine n'kundiuza kuti ndichotse maswichi a mumpita. Mpitawo unali wautali, nyale imodzi koma maswichi awiri, ina pakhomo la kukhitchini, ina pakhomo la chipinda cha bwana. Swichi yotere imalowa mawaya atatu. Awiri amangothamanga pakati pa maswichiwo, koma wachitatu, wapakati, ali ndi malo akeake. Poti onse anali ofanana, wapakati wa kukhitchini ndinaumanga luzi la mfundo zitatu kuti ndidzauzindikire.

Nditabwera patatha sabata, luzi panalibe, mawaya onse ali mbuu ndi njereza.

"Mphwanga, alipo wina akufuna kundidya m'nyumba muno," amalume anandinong'oneza. "Ndinapeza mfundo zitatu m'khoma, pakhomo penipeni pomwe ndimadutsa ndi mbale. Ndinazitentha."

Ndinawaseka mpaka misozi. Chofunika chinali kupempha kuti alize injini masana, ndiyese waya uliwonse pawokha. Koma kapitawo anali chilili kumbuyo kwanga, ndipo sindinafune aone mmisiri wa ku Halale akukanda mutu. Ndinangolota, n'kumanga. Madzulo ndinadina kamodzi, nyale inayaka, ine ulendo wa kunyumba.

Ndinali nditasemphanitsa mawaya. Swichi ya kuchipinda ikatsala m'mwamba, ya kukhitchini inkafa. Bwana ankakuwa kuti ayatse, amalume n'kudina, koma mdima bii. Bwana akadina kwake, nyale n'kuyaka. Tsiku loyamba anawatukwana. Lachiwiri anawamenya khofi, ati nkhalamba ikumuyesa dala. Amalume anandiuza zonsezi, ine n'kuti ndidzaona Loweruka, chifukwa ndinkachita manyazi kutsegula ntchito yanga yomwe anthu akuona. Lachitatu, mumdimamo, amalume atanyamula supu wowira anagundana ndi dona, mkazi wa bwana, n'kumuwotcha mkono.

M'mawa bwana anatisonkhanitsa tonse a pa esiteti. Anawavula malaya amalume, n'kuwamangirira kumtengo wa mango, kapitawo n'kutenga chikoti cha mvuu. Choyamba chinang'amba msana kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Munthu wa imvi uja analira m'Chilomwe, kuitana mayi ake amene anawasiya m'manda kutsidya kwa malire. Magazi anayenderera mpaka m'kabudula. Atatembenuza mutu kuti apepese, nsonga ya chikoti inawapeza m'diso, ndipo kulira kumene kunatuluka pamenepo sindinakumvenso kwa munthu wina aliyense. Amayi anadziponya pansi, kapitawo n'kuwakankha ndi phazi. Ine ndinaima njo, sikuludiraiva ili m'thumba. Ndinali wamantha, ndipo dzina lina la zimenezi palibe.

Bwana atalamula kuti nyumba zathu zigwetsedwe ndi chimanga chizulidwe, m'pamene miyendo yanga inayenda.

"Bwana, nkhalambayi sinalakwe. Vuto lili m'khoma. Lizani injini ndikuonetseni."

"Wasokoneza ndani?"

"Omanga aja, bwana," ndinatero osaphethira n'komwe. Anali atapita kale, sakanadziyankhira.

Injini italira ndinamasula swichi, n'kuyesa mawaya ndi kababu mmodzimmodzi mpaka wapakati anadziulula. Ndinasinthanitsa awiri, n'kumanga. Sipanathe nthawi yoti munthu n'kusuta ndudu imodzi. Bwana anadina uku, anakadina uko, nyale ikumvera konsekonse. Anangogwedeza mutu n'kuuza kapitawo kuti amasule nkhalambayo, nyumba azisiye. Pepani sanamutchule.

Chimanga tinakolola chaka chimenecho, ndi zaka zina zambiri. Diso lija linaphwa, ndipo bwana sanafunenso woperekera zakudya wa diso limodzi. Amalume anatha moyo wawo akuluka madengu pakhonde. Mlendo aliyense akafika ankandigwira dzanja n'kumuonetsa.

"Uyu ndiye anatipulumutsira munda. Popanda mphwangayu tikanafera kudambo."

Anatero zaka khumi ndi chimodzi, ine ndikuwerama ngati munthu waulemu. Tsiku lowaika m'manda, akuluakulu anasankha ine kuti ndiyankhule za moyo wawo, ndipo ngakhale pamenepo sindinanene.