Mayi Agripina Isaya, Amene Anakana Kusaina

Ife a mpingo wa ku Gaza, m'tauni ya Chipinge, tinaika m'manda Mayi Agripina Isaya mwezi wathawu, ndipo akulu a mpingo andipempha kuti ndilembe za moyo wawo.

Anabadwa mu 1961 m'komboni ya esiteti ya tiyi ku Honde. Agripina atakhoza mayeso a pulayimale, kapitawo anaseka bambo awo, a Eliasi, nati mwana wa Mubhurandaya (dzina lonyozera antchito ochokera kunja kwa dziko) ntchito yake ndi kuthyola tiyi basi. A Eliasi anayankha: "Mwanayu Mulungu anampatsa mutu, sanampatse dengu."

Mayi Agripina anaphunzira kusukulu ya ku Mount Selinda, kenako anapeza ntchito mu labotale ya yunivesite ina ku Joni. Kumeneko ankayesa mapulasitiki apadera, opyapyala kuposa khoko la anyezi, amene amawala magetsi akadutsamo, onga a pagalasi la mafoni amakono. Vuto linali lakuti owala bwino sankayendetsa bwino magetsi, pamene oyendetsa bwino magetsi ankawala mozilala. Aliyense ankasaka pulasitiki wochita zonse ziwiri.

Mu 2009 mkulu wa labotaleyo analengeza kuti wampeza. Koma Mayi Agripina, amene anayesa zidutswa makumi anayi ndi manja awo, ankadziwa kuti zitatu zokha ndizo zinapirira. Zinazo zinkazima ola lisanathe.

"Chotsani zolepherazo mu lipoti, musaine apa," anatero mkuluyo.

"Bwana, ndinaziona ndi maso angawa zikuzima. Sindisaina."

"Mukudziwa kuti chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno chili m'manja mwanga?"

"Ndikudziwa. Koma dzanja ili ndimalandirira mgonero Lamulungu. Silingalembe bodza Lolemba."

Anawachotsa ntchito. Anabwerera kuno ku Chipinge ali namfedwa, ndi ana awiri ndi chikwama chimodzi, ndipo ena a ife tinkanong'onezana kuti mayiwa ndi ouma mutu. Iwo ankasesa tchalitchi, ndipo Loweruka lililonse ankaphunzitsa sayansi ana a m'maesiteti pakhonde pawo, kwaulere. Mkulu wa labotale uja, Mayi ankamutchula dzina pomupempherera.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi kunabwera kalata: akatswiri ena anabwereza kuyesako, bodza linaululika, ndipo yunivesite inkawapempha kuti abwerere. Mayi anaipinda kalatayo. "Ana amene ndikuphunzitsawa ali ndi mayeso mu Novembala. Ndiwasiyire ndani?"

Shuga anawafooketsa pang'onopang'ono, koma anaphunzitsabe atakhala pampando mpaka maso atasiya kuona bolodi. Anamwalira mwamtendere m'mawa wa Lachitatu kuchipatala, mwana wawo Dina akuwawerengera salimo. Salimo lili mkati, anamugwira mkono.

"Dina, pamaliro anga abusa asakanene kuti ndinali wofatsa. Sindinali wofatsa ine. Akanene zoona."

Abusa anamvera. Nanenso ndamvera.