Amayi Tsidya la Ngalande

Fungo la bulangete likamapsa sindilipirira mpaka lero. Kansanza kakangogwera pa mbaula kuno ku Kamitondo, ndimatuluka panja, adzukulu n'kumaseka kuti agogo ayamba zawo zija. Aseke, sanaone kanthu. Fungo limenelo ndi la chilimwe chimene nthomba inalowa m'komboni ya mgodi ku Kitwe, nkhondo yaikulu ya azungu ili mkati, ine ndili kamtsikana kongoyamba kumene kusenza ndowa yodzaza. Kunkatentha moti malata ankalira okha masana. Utsi wa kosungunulira kopa, umene tinkautcha senta, unkatsika n'kumatikanda kukhosi, ndipo chaka chimenecho unasakanikirana ndi utsi wina, wa mabulangete ndi mphasa za odwala zimene apolisi a kampani ankatentha pabwalo.

Nyumba yathu inali kachipinda kamodzi pamzere wa nyumba zofanana. Mpopi unali umodzi mzere wonse, chimbudzi chimodzimodzi, ndipo mnzako akatsokomola kuseri kwa khoma unkamva ngati ali pamphasa pako. Atate, a Mwale, ankakokolola miyala ndi fosholo pansi pa mgodi, n'kumabwera kunyumba maso okha akuoneka. Amayi anali mkazi wamtali wa mawu ochepa, nkhope yonse zipsera za nthomba imene anadwala ali mwana kwathu kum'mawa, kufupi ndi Chipata. Ana tinali awiri, ine Lozaliya ndi mlongo wanga Petulo, amene anali akadayamwa ndipo ankayenda chogwira khoma. Dzina langa linkamukanika, ankangoti Lolo.

Mbiri ya nthendayo itamveka, amayi sanatekeseke ngati akazi anzawo. Ankanena pampopi kuti kumudzi nthomba ili ndi mwambo wake. Wodwala amamumangira msasa kunja kwa mudzi, panjira amaikapo nthambi yaminga kuti munthu asadutse, ndipo womusamalira amakhala munthu wa zipsera, chifukwa nthomba sibwereza munthu. "Ine inandidya kale," ankatero akuloza nkhope yawo, "idzapezanso chiyani pano?" Ndikamva zimenezo ndinkayenda monyada, poti amayi anga sankaopa chimene komboni yonse inkaopa.

Kenaka boma linatulutsa malamulo ake. Changachanga, mzungu woyang'anira komboni, anawalengeza tsiku lolandira phoso, chakudya chimene kampani inkatigawira, womasulira akufuula m'Chibemba. Matchalitchi atsekedwe. Pamaliro pasasonkhane anthu. Akazi ndi ana asatuluke m'komboni, kaya kupita kumsika kaya kukatola nkhuni. Wodwala aliyense apite kumsasa wa boma, kuseri kwa chiphiri cha miyala yakuda yotayidwa ku mgodi, ndipo wachibale asapondeko. Mpaka apo mwina munthu akanamvetsa. Koma amuna m'mawa uliwonse ankapanikizana m'chikepe cholowera pansi, mphuno pakhosi pa mnzake, poti nkhondo inkafuna kopa. Biyaholo, nyumba yomwera mowa, sanaitseke ndi tsiku limodzi lomwe, poti phindu lake linkapita kwa eni komboni. Katemera naye anayambira kumayadi, kwa azungu ndi akhukhi awo, n'kupita kwa olowa pansi, ife akazi ndi ana n'kutiuza kuti tidikire. Asa! Nthomba yake iti imeneyo, yoopa mowa koma yokonda Misa?

Komboni inasanduka khola. Nkhuni zinatha, anthu anayamba kusonkhera zisononkho ndi matabwa a mabokosi. Ndiwo zamasamba zinasowa, tinkangodya nyemba zofumbwa za phoso. Mayi wina wa mzere wathu atataya mwana wake analira yekha pakhonde, akazi anzake akumuyang'ana pamakomo awo manja ali m'masaya, osatha kupita kukakhala naye. Nthawi yomweyo mphepo inkabweretsa nyimbo za oledzera kuchokera ku biyaholo. Ndinali wamng'ono, koma ndinaona amayi akulavula pansi.

Mkangano unabuka paliponse, pampopi, pamzere wa phoso, ngakhale pochapira. Ena ankati boma likutipulumutsa. Ena ankati msasa uja ndi wa banyama, anthu amene kunkamveka kuti amapopa magazi a anthu akuda. Amuna ena ankanong'onezana zokana ntchito, koma anali asanaiwale mfuti zimene zinalira nthawi imene anayesapo. Kwathu mkanganowo unkabwera ndi miyendo yake Lamlungu masana, poti kopemphera kunali kotseka. Anali a Kamanga, kalaliki wa ku ofesi ya komboni, mkulu wa mpingo wa anthu a ku Nyasalande, ndiponso mmodzi wa bungwe la makalaliki limene linkakumana ndi Bwana Disi, mzungu wa boma wolamulira dera lonselo. Ankakhala pa kabokosi pamthunzi wa khoma, thalauzi atalikweza pamawondo kuti lisakwinyike, atate atakhala pamwala.

A Kamanga sanali chitsiru, ndinene zoona. Anaona mudzi wa kwawo ukutha ndi nthomba, ndipo ankakwiya ndi anthu amene akangotemeredwa ankathamangira kukapukuta pabala ndi ndimu. "A Mwale, nthenda iyi sitha popanda kupatula odwala," ankatero. "Zolakwika zilipo, koma tidzazinena pamsonkhano mwaulemu. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Atate ankadzuka pamwala paja misempha ya m'khosi itatupa. "Kudekha! Inu munatemeredwa kale ndi ana anu chifukwa mumagwira cholembera. Nanga anga awa? Ngati boma likuopadi nthenda, litseke mgodi ndi biyaholo tione. Likusamala kopa, osati ife!" Amayi ankangosankha nyemba m'lichero.

Katemera wathu asanafike, nthomba inafika. Ndinayamba ine, mutu kuwawa, msana ngati andimenya ndi musi, kenaka Petulo thupi lonse moto. Timatuza titatuluka, amayi anachita zimene ankadziwa. Anatitsekera m'nyumba, anauza atate kuti azigona kwa mnzawo, n'kukathyola nthambi yaminga kumpanda n'kuiika pakhomo kuti ana a eni asalowe. Ena ankabisa odwala awo apolisi akamadutsa, koma iwo anati kubisa nthomba n'kupha anzako. Anamanganso kamtolo, muli kampoto, chitenje ndi korona wawo wopempherera, poganiza kuti otitenga akadzabwera adzaona nkhope yawo n'kuwatenga nawonso. Kalanga amayi anga! Nthambi ija ndiyo inaitana apolisi, ndipo m'mawa mwake lole inali pakhomo.

Za tsiku limenelo ndimakumbuka zidutswa. Wapolisi akumasula Petulo kumsana kwa amayi. Amayi akuloza nkhope yawo, akuchonderera m'Chibemba chothyokathyoka, wina akuwakalipira kuti achoke: "Fumeni apa!" Bulangete lathu lofiirira likupsa pabwalo pamodzi ndi mphasa. Kenaka lole inanyamuka, ndipo ndinaona amayi ataima pakati pa msewu, kamtolo kali pamutu, akucheperachepera m'fumbi.

Msasa wa boma unali tizisakasa ta udzu pamtetete, tozunguliridwa ndi waya waminga, kunja kwake ngalande. Mtengo wa mthunzi kunalibe. Kunkanunkha mafinya ndi mankhwala opopera, ntchentche zikuchita kutiphimba kumaso, ndipo wezulo wa mgodi ankamveka bwinobwino akuitana amuna ku ntchito ngati kuti kunja kulibe chachitika. Wotisamalira anali dresala mmodzi wachikulire wa kuchipatala ndi omuthandiza awiri, odwala osawerengeka. Mkuluyo sanali woipa. Ankayenda ngati akugona chifukwa cha kutopa, n'kutisiyira phala m'zitini ndi madzi ofunda a m'dilamu. Munthu wamkulu ankatha kukwawa n'kukamwa yekha. Nanga mwana woyamwa? M'kamwa mwa Petulo munali zilonda, phala ankalilavula, ankangofunafuna pachifuwa panga pamene panalibe kanthu. Ine maso atatupa, ndinkaviika nsonga ya diresi m'madzi n'kumufinyira pamilomo. Ankalira "Lolo, Lolo," mpaka mawu anatha, n'kumangoyasamula kukamwa.

Tsidya la ngalande, chapatali, pamalo okhawo amene achibale ankaloledwa kufika, pankaima akazi tsiku lonse padzuwa, wapolisi wa chikoti akuyendayenda patsogolo pawo. Amayi ndinkawazindikira ndi kutalika kwawo. Nditapezako mphamvu ndinabereka Petulo n'kudzikoka mpaka pawaya, n'kufuula mpaka kukhosi kuuma kuti abwere, mwana akufuna bere. Anandimva, ndikudziwa, chifukwa anagwira pachifuwa ndi manja onse awiri. Koma phazi sanasunthe. Lamulo ndinkalidziwa, koma kwa mwana lamulo n'chiyani pamaso pa amayi ake? Ngalande ija ngakhale mbuzi ikanailumpha. Ndinati mumtima, kani zonse zija zinali zonama, akuopa ngati ena onse. Tsiku ndi tsiku ndinkapita pawaya paja, iwo n'kumangoima chilili, ndipo ndinawakwiyira amayi anga ndi mkwiyo wotentha kuposa malungo amene anali m'thupi mwanga.

Petulo anamwalira m'mawa wina dzuwa litangotuluka, ali pamiyendo panga, wopepuka ngati kamtolo ka udzu. Othandiza aja anamukulunga m'thumba la ufa n'kupita naye. Kunalibe wansembe, kunalibe nyimbo, ndipo pamene anamuika palibe wa kwathu amene akupadziwa. Masana ndinapita pawaya kumsana kulibe kanthu, n'kutembenuka dala kuti aone bwino. Kulira kwawo kunadutsa mtetete wonse. Ine sindinalire.

Ndinatuluka mvula yoyamba itagwa, nkhope itafanana ndi ya amayi. Sindinkawayankhula. Akandipatsa chakudya ndinkalandira nditayang'ana kumbali. Masiku amenewo akulu sankafotokozera ana zinthu, ndiye nawonso anangokhala chete. Atate ndiwo ankabangula. Anakaima pakhomo pa a Kamanga, anthu akuonerera, n'kuwafunsa ngati kudekha kwawo kuja kungawasonyeze manda a mwana. A Kamanga anangovula chipewa. Pamsonkhano wotsatira anaimirira pamaso pa Bwana Disi n'kupempha kuti akazi a zipsera aziloledwa kulowa mumsasa, ndipo akuti anakweza mawu mpaka anzawo anawakoka jekete kuti akhale pansi. Anayankhidwa kuti nkhaniyo ipita ku Lusaka. Inapitadi, inakagona tulo kumeneko, n'kubwera ndi chilolezo nthenda itayamba kale kuzilala.

Amayi anali oyamba kulowa. Anatenga kamtolo kawo n'kukasamalira ana a Abemba ndi a Alozi, ana osawadziwa n'komwe, kuwamwetsa madzi ndi kuwaingira ntchentche. Akazi a pampopi ankawatama, koma ine ndiye ndinapsa mtima kotheratu. Ana a eni inde, ife ayi?

Atabwerako, tsiku lina masana anandiitana kubafa la akazi kuti ndikawatsuke kumsana, monga ana aakazi tinkachitira. Ndinapita monyinyirika, mwala wotsukira uli m'manja. Atatsitsa chitenje ndinaona mikwingwirima yakuda yopingasana kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, ina yotupa ngati zingwe. Ndinafunsa kuti n'chiyani, ndipo amenewo anali mawu anga oyamba kwa iwo chitulukire kumsasa. "Ngalande ija, mwanawe," anatero osatembenuka. "Tsuka pang'onopang'ono, pakadawawa."

Zotsalazo anandiuza ndi akazi awo a Kamanga nditakula kale. Amayi analumpha ngalande ija masiku oyambirira, mbali ya kutchire, ine ndili chikomokere ndi malungo. Anawagwira ali pawaya n'kuwakwapula. Mawa lake anabwereranso, anawakwapulanso. Kenaka Changachanga anaitana atate n'kuwauza kuti mkazi wawo akadzaolokanso, ntchito yatha, awiriwo akwezedwa sitima tsiku lomwelo, ana atsala kumsasa okha. N'chifukwa chake ankaima padzuwa paja, mkaka ukunyowetsa diresi, ine ndikuwatukwana mumtima.

Atate ndi a Kamanga anakangana za chilimwe chimenecho mpaka imvi, wina osagonjera mnzake. Ine ana anga onse ndinawatemeretsa, ndipo ndikuvomera kuti odwala ankayenera kupatulidwa. Amayi nawonso ankadziwa zimenezo boma lisanaganize. Koma amene anapanga lamulo lija sanafunse mkazi ndi mmodzi yemwe wa m'komboni, ndipo zimenezo sindidzakhululuka, kaya wansembe anene chotani. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi anaima tsidya lija chifukwa cha mantha. Tsopano ndapitirira zaka zimene iwo anafika, ndabereka ndi kulera, ndipo ndimadzifunsa ngati ine ndikanatha kuima pamenepo, mwana wanga akundiitana, phazi osasuntha. Sindikanatha.