Nkhani ya Masamba Atatu

Pa Chintheche palibe anandigonjetsapo pa kunenerera malonda, ndipo lusoli ndinali nalo kale ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndimatero ndikakhala ndi anzanga pamsika. Za tsiku lotsekera sukulu lija sindiwauza.

Tinali Sitandade 6. Aphunzitsi athu a Chichewa, a Mhone, anali ndi buku limodzi lakale la nkhani zifupizifupi, chikuto chake chomata ndi kondowole, nsima yathu ya chinangwa. Anakonza zoti ana asanu tidzawerenge nkhani imodziimodzi pamaso pa makolo. Kwathu timayankhula Chitonga, ndipo Chichewa cha m'buku chinkandikola pakhosi ngati munga wa nsomba. Mantha anga anali amodzi: kuchita chibwibwi amayi anga akuonerera.

Tinachita maere. Ine inandigwera nkhani ya masamba khumi ndi limodzi. Asani, mwana wa wogulitsa nsomba wochokera ku Nkhotakota, inamugwera ya masamba atatu.

"Iwe Asani, Chichewa n'chanu ichi," ndinamunyengerera patapita masiku awiri. "Ukawerenga masamba atatu okha, bambo ako adzati sukulu yakukanika. Tenga yangayi, ndi ya akuluakulu. Koma ulemu wotere sapatsana ulere, uwonjezepo chinangwa chako chootchacho."

Anandipatsa zonse ziwiri osanenerera n'komwe. Ndikanadabwa pomwepo. Masiku ano munthu akavomera mtengo wanga woyamba, ndimayamba ndamutembenuza katunduyo.

Buku linkagona kwa aliyense masiku awiri. Litafika kwa ine ndinawerenga tsamba loyamba, n'kupita kukasambira.

Tsiku lotsekera sukulu lija amayi anasiya chinangwa chili chiviikire m'madzi, nadzakhala kutsogolo atavala chitenje cha kutchalitchi. Nkhani yanga inali ya bambo wobwera ku Joni patapita zaka zambiri, atanyamula sutikesi yokhoma. Ndinawerenga bwino ndithu mpaka pansi pa tsamba lachitatu, pamene mkazi wake anatsegula sutikesi ija. Nditatembenuza, ndinapeza mutu wa nkhani ina. Pakati panali timano ta mapepala ong'ambidwa. Wina anali atapichirira fodya mathero anga kalekale, ndipo Asani, amene bukulo linayambira kugona kwawo, ankayang'ana kudenga.

"Nanga anapezamo chiyani?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

Mathero munalibe m'bukumo. Koma wamalonda sanena kuti katundu watha. Ndinayang'anitsitsa m'buku ngati ndikuwerenga, n'kunena m'Chichewa changa chotsimphina kuti munali malaya amodzi okha, omwe aja anavala popita, atawapinda bwinobwino.

Kenaka mkulu wina amene anakhalitsa ku migodi anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Anthu anaomba m'manja, amayi kuposa onse.

A Mhone anandiitana anthu atabalalika.

"Bukuli ndinaliwerenga lisanang'ambike," anatero. "M'sutikesimo munali wailesi."

Ndinayang'ana pansi, ndikudikira ndodo.

"Wogula nsomba amainunkhiza kaye, mwana iwe. Chilango chako nachi: ukalembe malaya akowo papepala, kalembedwe koyenera, tidzamate m'bukumu."

Ndinalemba kanayi konse asanavomere. Linatha sabata la tchuthi ndili pa masamba awiri, pamene Asani anawerenga khumi ndi limodzi ake kamodzi n'kuiwalako.

A Mhone anatisiya kale. Akanatha kundiyalutsa pamaso pa amayi ndi mawu awiri okha, koma anasunga wailesi yawo mpaka tili awiri. Chichewa chimene ndikulembera panochi chinayambira pa chilango chija, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti mphunzitsi angakupatse chinthu chachikulu atachikulunga ngati chilango.

Asani pano amagulitsa nsomba ku Kande. Tikakumana amati anandigulitsa nkhani yopanda mchira, ine ndimati ndinadya chinangwa chake. Inuyo mukuti anapambana ndani?