Sizasi ya Sakhalapansi

Telalayu anthu ankamutchula Sakhalapansi, ndipo dzinalo silinali lomunamizira. Akapanda kupalasa makina ankangozungulira m'kashopu kake, pakhomo, pawindo, pakhomonso, ngati nkhuku yofuna poikira. Mankhwala amene ankamwa ndiwo ankamuyabwitsa miyendo, koma akanatani? Kuwasiya kunali kuitananso mawu aja amene ankamulankhula m'mutu ali wachinyamata.

Chitulukireni m'chipatala, imvi zisanamere, sizasi sanaigwirenso. Inkakhala m'thumba la epuloni ya achemwali ake aakulu. Ntchito inkayenda chonchi: iye ayeze munthu, ajambule ndi choko pansalu, achemwali adule, iye asoke. Telala wamkulumkulu kudikira kuti amudulire! Zinkamuwawa kwabasi.

Tsiku lina kokatenga mankhwala anafunsa namwino, achemwali ali pambali pake monga mwa masiku onse.

"Kodi amayi, munthu amakhala wodwala mpaka liti?"

"Matendawa ndi okhalitsa, bambo, ngati shuga. Mankhwala musasiye. Koma kukhala nawo si kudwala tsiku lililonse."

Achemwali anangotola mawu akuti okhalitsa, ena onsewo anawasiya pabenchi pomwepo.

"Wamva wekha," anatero panjira. "Ine sindikudana nawe, mchimwene. Ndinakuona nthawi ijayi."

Koma ukalamba unayamba kuwagwira nawonso. Nyamakazi inawatupitsa zala, ndipo sizasi inayamba kuphonya mzere wa choko. Sakhalapansi ankaona, n'kumabisa zokhotazo mumsoko, osanena kanthu. Mpaka mayi wina wogulitsa mankhwala pa famase anabweretsa nsalu yabuluu yoti amusokere jekete. Dzanja la achemwali linaterereka, sizasi n'kulowa mpaka pakati pa mkono wa jeketeyo.

Mayiyo atabwera sanafunse n'komwe kuti wadula ndani.

"Anandiuza anthu! Nsalu yanga kuipereka kwa wamisala, ndinaganiza chiyani ine?"

Achemwali anagwetsa maso pansi. Sakhalapansi anapita pakhomo, n'kubwerera, n'kupitanso. Ankadziwa kuti akangokweza mawu, onse awiri anena kuti zayambiranso.

"Nsalu yotsalayi ikwana mkono wina," anatero motsitsa. Kenako anatambasula dzanja. "Achemwali, sizasi."

"Mchimwene..."

"Ndipatseni. Kapena muwauze mayiwa amene wadula."

Dzanja lotupa lija linalowa m'thumba, n'kukhalamo kanthawi, n'kutuluka nayo.

Inamulemera kuposa mmene ankaikumbukira. Anayala nsalu, najambula, nayamba kudula. Miyendo inkapondaponda pansi pa tebulo monga mwa chizolowezi chake, koma sizasi inkayenda pamzere osaphonya. Kumbuyo kwake kunamveka masilipasi: pakhomo, pawindo, pakhomonso.

"Khalani pansi, achemwali," anatero osacheuka. "Anthu angayese wodwala ndinu."

Mayi uja anaseka asakufuna. Achemwali sanaseke. Anakhala pampando, manja ali pamiyendo, n'kumayang'ana zala zawo.

Potseka shopu achemwali anatsegula thumba la epuloni monga ankachitira zaka zonsezi, n'kuima chilili akudikira. Sakhalapansi anaipukuta sizasiyo ndi kachigamba, naipachika pamsomali pamwamba pa makina, poti aliyense wolowa aione.