Ndinamugwira Chigongono

Mwana wanga wachitatu anachedwa kuyenda, anachedwanso kulankhula. Atakwana zaka zinayi ankangoti "mama" ndi "madzi". Ankadzigunda pachitseko, kupunthwa pamtondo, kuphonya mbale ili pamaso pake. Anthu a m'mudzi mwathu ku Phalula anali atagamula kale kuti mutu wake sugwira. Wonena zimenezo ndinkamulalatira mpaka pakhomo pake. Pakamwa panga m'poipa, sindikana. Koma mumtima nanenso ndinkakhulupirira zomwezo.

Chaka china, masiku aja tinkamanga khadi lachipani pansonga ya chitenje, kusikelo kunabwera oyeza maso a ana. Popeza anawo sankadziwa zilembo, namwino ankaima patali n'kukweza supuni, kapu kapena chipeso, ndipo mwana ankaloza chofanana nacho pamphasa imene wakhalapo. Azimayi tinazungulira mphasayo. Ena anayamba kukodolana ataona wanga pamzere.

Ndinati lero lokha simumuseka. Ndinakhala kumbuyo kwake, n'kumufunditsa chitenje ngati wamva mphepo, n'kumugwira chigongono mkati mwa chitenjecho. Namwino atakweza supuni, ine ndinakankhira kamkono kake kusupuni. Kapu, chimodzimodzi. Sanaphonye ngakhale chimodzi.

"Mayi, kunyumba amaona bwino mwanayu?" anandifunsa namwino.

"Kwabasi," ndinayankha mokweza kuti onse amve.

Ana awiri amene analephera anawalembera kalata yopita kuchipatala. Ine ndinabereka wanga n'kubwerera kunyumba ndikunyada.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mwanayo anaponda moto masanasana, moto woti aliyense ankauona. Ndinapita naye kuchipatala ku Balaka. Dokotala atamanga balalo anamuyang'anitsitsa, n'kumuunika m'maso ndi katochi. Anati mwanayu anabadwa ndi ng'ala m'maso onse awiri. Zikanadziwika ali wamng'ono akanathandizika, mwina akanapitanso kusukulu. Tsopano ngakhale atazichotsa, adzangoona pang'ono, chifukwa maso ake anakula osaphunzira kuona.

"Sanayezedwepo maso chibadwire?" anafunsa dokotala.

"Iyayi, sanayezedwepo," ndinanama.

Mpaka lero chinthu chimenechi chimandiwawa. Bambo ake anamwalira osadziwa, ndipo azimayi amene ndinkafuna kuwatseka pakamwa aja anaiwala kalekale za tsikulo.

Tikutuluka m'chipatala, mwana wanga anandigwira chigongono kuti ndimutsogolere, uku akutsimphina. Ndinalira njira yonse mpaka pokwerera basi. Iye ankandisisita dzanja n'kumati, "Pepani mama." Ankayesa kuti nanenso ndapsa.