Mmene Tinadulira Bwato la Amuna Anga

Nyumba yathu ya ku Feira inali ya zipinda ziwiri, ndipo chilichonse chinkakhala pansi. Mapoto pansi, mbale m'beseni, thumba la masau ouma pakona, maukonde pamwamba pa thumbalo, mabuku a ana kunsi kwa bedi, kumene chiswe chinkawakonda kuposa eni ake. Ukafuna kapu unkayamba wasuntha zinthu zisanu. M'mawa wina ndinapeza chinkhanira m'poto wa tiyi, ndipo ndinati basi, zakwana.

Amuna anga ndi msodzi, ndipo nkhani ya mashelufu ankaivomera bwino kwambiri. "Nizapanga, osavutika mtima," ankatero. Dzinja linadutsa katatu, mashelufu osaoneka.

Kuseri kwa nyumba kunali bwato lawo lakale. Chaka china mvuu inaliboola, iwo n'kupulumuka posambira, ndipo kuyambira pamenepo linangokhala pamthunzi, nkhuku zikuikiramo mazira. Nalonso ankati adzalikonza.

Amene anandilowetsa m'mayesero ndi mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, mayi wosoka zovala pamsika, wochokera ku Kavalamanja. Ndi wamfupi, wa maso osakhazikika, ndipo saona chinthu chotayidwa osachipezera ntchito. Sabata imene amuna anga anapita kukawedza cha ku Mphuka, iye anandipeza ndikutola mazira m'bwatomo. Analizungulira kawiri, akuligogoda ndi chala.

"Iwe, kabati yako ndi iyi," anatero.

"Kabati iti?"

"Tilidule pakati, tiliimike, tikhomemo matabwa. Hafu yako, hafu yanga."

"Ufuna undithetsere ukwati?"

"Awe, ukwati sutha ndi bwato la nkhuku."

Ndinakana mpaka masana. Madzulo ndinapita ndekha kukabwereka sowo kwa mlamu wake.

Mtengo wa bwato lija unali wouma ngati mwala, ndipo unali mwezi wotentha uja umene ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Tinkacheka mosinthana, wina akucheka, wina atakhala pabwato kuti lisagwedezeke. Manja anatuluka matuza. Tili pakati, panadutsa mkulu wina wa kutchalitchi kwathu pa njinga, n'kuima.

"Amayi, eni ake akudziwa?"

Mnzanga sanaphethire n'komwe. "Ndiwo atituma, bambo. Ati tikatsiriza tiwasungire utuchi."

Mkuluyo anagwedeza mutu n'kupalasa njinga yake, ife n'kugwa pansi ndi kuseka.

Tsiku lachiwiri bwato linagawika. Matabwa tinawatenga pa chitseko chakale cha khola, misomali tinazula pa chitseko chomwecho n'kuiwongola ndi mwala. Poyeza tinalibe tepi ya akalipentala, tinagwiritsa ntchito ya mnzanga yoyezera m'chiuno. Shelufu yoyamba inapendekeka kwambiri moti kapu inatsetsereka yokha kukagwa pansi. Tinazula, tinakhomanso, tinatukwana thabwa, mpaka linamvera.

Kulowetsa m'nyumba ndiye kunali nkhondo. Hafu yanga inakanirira pakhomo, ine mkati, mnzanga kunja, aliyense akuuza mnzake kuti ndiye akukankha molakwika. Itadutsa inatenga ndi kachidutswa ka khoma, komwe tinamata ndi dothi tsiku lomwelo. Tinaipaka penti ya buluu imene inatsala pa chitseko cha mnzanga, iye n'kusoka katani ya chitenge. Chibowo cha mvuu chinali kumbuyo, cha m'mwamba, ndipo ndinachibisa ndi chitini cha mchere.

Nditaika zonse m'malo mwake, ndinaona simenti ya pansi imene ndinali nditaiwala mtundu wake. Ndinaisesa kawiri, chifukwa chongokondwa.

Amuna anga anabwera Loweruka ndi nsomba zouma. Anaima pakhomo n'kuyang'ana kabati ija nthawi yaitali.

"Iyi mwaitenga kuti?"

"Tapanga tokha ndi aneba."

"Eh! Akazi inu ndinu oopsa. Mtengo wabwino uwu." Anaisisita m'mbali, n'kukhala pansi kupempha madzi akumwa.

Masiku atatu anadya atayang'anizana ndi bwato lawo osalizindikira. Anafika poitana mnzawo wina kudzaona luso la mkazi wawo. Mnzanga ankabwera dala kudzapempha moto, n'kumawafunsa, "Mulamu, kabati mwaikonda?" Ine ndinkaluma chitenge kuti ndisaseke.

Tsiku lachinayi anazungulira kuseri, ndipo ndinamva kukuwa. "Akawalala! Bwato langa!" Anafunsa nyumba ndi nyumba, anatsikira kudooko kukayang'ana mabwato onse amene anali pamchenga. Ndikuvomera kuti ndinawasiya afufuze mpaka masana. Koma atabwera n'kuvala shati yoyera, akuti akupita kupolisi ku Boma, ndinaona kuti masewera afika poipa.

"Bambo, musanapite, ndipatsireni mchere pamwamba apo."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anatambasula dzanja n'kuchotsa chitini. Kuwala kwa pazenera kunagwera pa chibowo chija. Analowetsamo zala ziwiri.

Ndinkayembekezera phokoso, koma silinabwere. Anakhala pampando n'kuvula nsapato. Patapita nthawi anati, "Bwato ili tinasema ndi malemu akulu anga." Zimenezo ndinkazidziwa, koma pa kutentha kwa ntchito ndinali nditaziika kumbuyo. Manyazi anandigwira. Ndinagwada n'kupepesa, ndipo kupepesako kunali koona.

"Hafu ina ili kuti?" anafunsa.

Ndinaloza kwa aneba.

Tinapita limodzi. Mnzanga anatiwona tikubwera n'kuthawira kubafa, akufuula kuti akusamba, ngakhale ndowa inali panja yopanda madzi. Amuna anga analowa, n'kupeza hafu ina yadzaza nsalu zopindidwa bwino, ulusi m'mabotolo, mabatani m'zitini. Anaigwedeza pang'ono, shelufu yapakati n'kulira.

"Mulamu, tulukani," anaitana. "Sindikumenyani. Ndikufuna ndione munthu amene anakhoma misomali iyi."

Mnzanga anatuluka wouma thupi lonse, atafunda thaulo pamwamba pa diresi. "Ni ine, mulamu. Manje ili bwanji?"

"Ili ngati yakhomedwa ndi munthu wothawa njovu."

Tsiku lomwelo anatenga hamala yawo, anazula mashelufu a makabati onse awiri, n'kuwakhomanso mowongoka, akung'ung'udza kuti akulu awo sangagone bwino mtengo wawo utagwiridwa chonchi. Ya kwathu anaimangirira kukhoma ndi waya kuti isagwere ana. Shelufu yapamwamba anailanda, nati ndi ya mbedza ndi tochi yawo, munthu asaikhudze. Sindinatsutse.

Anakhala masiku angapo osandiseketsa, kenako zinatha zokha. Koma mnzanga uja amuna anga sanamukhulupirirenso. Mpaka lero akamva mawu ake pakhomo, amadzuka mwakachetechete, n'kukalowetsa njinga yawo kuchipinda, n'kukhoma chitseko.